Kulumala ku Joni: loya amathandiza pati, nanga ndi pati pomwe angokudyerani ndalama?

Munthu wathu akavulala kuno, kaya wagwa pa chimango ku Midrand, kaya wagundidwa ndi takisi mumsewu wa Louis Botha, funso loyamba lomwe abale amafunsana ndi lakuti, "Ndani akudziwa loya wabwino?" Funsoli si loipa, koma limabwera msanga. Loyenera kutsogola ndi ili: kodi ndalama zomwe tikuyembekezerazo zili m'thumba liti? M'dziko la South Africa mulibe ofesi imodzi yomwe munthu wolumala amapitako n'kukatenga zake. Muli matumba angapo, lililonse ndi lamulo lake, mafomu ake ndi masiku ake, ndipo phindu la loya limasiyana kwambiri malinga ndi komwe mukukapempha. Kwina loya ndi amene amasiyanitsa kandalama kolandira kamodzi ndi penshoni ya moyo wonse. Kwina mungomulipira pa ntchito yomwe mukanatha kuigwira nokha ndi bolopeni.

Tiyambe ndi thumba lotchuka kwambiri, ngakhale ambiri a ife silitikhudza. Ndalama za pamwezi za anthu aulumali zomwe amapereka a SASSA, bungwe la boma lopereka thandizo la ndalama kwa ovutika, zimachokera pa lamulo la Social Assistance Act la 2004, ndipo mu 2025 zinali zopitirira pang'ono R2 300 pamwezi. Wopempha ayenera kukhala wa zaka za pakati pa 18 ndi 59, wopeza zochepa, komanso akhale mzika ya dziko lino, kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wovomerezedwa ndi boma kuti ndi wothawa kwawo. Mmalawi wa pasipoti ndi masiku a pa boda, ngakhalenso wa pemiti ya ntchito, salowa m'gulu limeneli. Wina akakuuzani kuti "ndikukonzerani za SASSA" pamene muli ndi pasipoti yokha, dziwani kuti akufuna za m'thumba mwanu basi.

Komabe khomo la okhala ndi chilolezo chokhazikika silinatseguke lokha. Mu 2004 khoti la Constitutional Court, lija lili pa phiri ku Braamfontein, linagamula pa mlandu wa Khosa kuti boma silingamane thandizoli anthu omwe linawalola lokha kukhazikika muno. Osumawo anali anthu ochokera ku Mozambique, ndipo popanda maloya sakanafika kumeneko. Lero amene ali ndi chilolezochi safunikanso loya kuti apemphe. Kupempha n'kwaulere. Amakuyesani dokotala wovomerezedwa ndi boma, ndipo lipoti lake lisapitirire miyezi itatu pofika tsiku lopempha. Pomwe ambiri amagwera ndi apa: dokotalayo safuna kudziwa ngati mukudwala kapena ngati ntchito ikusowa, akufuna kudziwa ngati thupi lanu lingathe kugwira ntchito. Wopita chimanjamanja, wopanda makadi akuchipatala ndi zithunzi za ekisileyi, amabwerako atakanidwa, kapena atapatsidwa za kanthawi, za miyezi 6 mpaka 12. Akakukanani muli ndi masiku 90 ochita apilo ku Independent Tribunal for Social Assistance Appeals, ndipo nakonso salipiritsa. Apa mlangizi wa ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo, kapena bungwe ngati Black Sash, ndi wokwanira. Loya weniweni amafunika nkhani ikafika poti ofesi yangokhala chete kapena yakana popanda zifukwa zomveka, chifukwa lamulo la 2000 lokhudza zigamulo za maofesi a boma limakupatsani mphamvu yofunsa zifukwa zolembedwa ndi kukasuma kukhoti pasanathe masiku 180.

Kuvulala pantchito

Thumba lomwe limakhudza Amalawi ambiri ndi la Compensation Fund, pansi pa lamulo la 1993 lomwe anthu amangolitchula kuti COIDA. Lamuloli lili ndi mbali ziwiri zomwe muyenera kuzimvetsa limodzi. Mbali yokoma ndi yakuti simufunika kusonyeza kuti bwana analakwa. Mwavulala pantchito, basi, muli ndi ufulu wolandira. Mbali yowawa ndi yakuti gawo 35 la lamulo lomweli limakuletsani kusumira bwana wanu kuti akulipireni chipepeso kukhoti. Ambiri amapita kwa loya ali ndi mkwiyo, akufuna "kumusumira mzunguyo". Loya wachilungamo amakuuzani tsiku loyamba kuti njira imeneyo ndi yotseka, ndipo nkhondo yeniyeni ili pa mapepala a Compensation Fund. Makampani ambiri a zomangamanga amalembetsa ku kampani ya inshuwalansi ya FEM m'malo mwa thumba la boma, ndipo a migodi ndi zitsulo ku ina ya Rand Mutual, koma lamulo lake ndi lomwelo.

Lamuloli silisankha mtundu kapena dziko. Limanena za wantchito, ndipo khoti la zantchito linagamula kale mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda pemiti yoyenera akadali wantchito pamaso pa malamulo a ntchito. Antchito a m'nyumba anali kunja kwa COIDA kwa zaka zambiri, mpaka mu Novembala 2020 pamene Constitutional Court inagamula mlandu wa Mahlangu. Mayi Maria Mahlangu anamira m'dziwe losambira la abwana awo ku Pretoria mu 2012, ndipo mwana wawo atakapempha chipukuta misozi anauzidwa kuti antchito a m'nyumba sawerengedwa. Maloya a bungwe la SERI anautenga mlanduwo, ndipo khoti linati ufuluwo ubwerere m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994. Taganizani kuchuluka kwa azimayi ndi azibambo athu omwe akugwira m'nyumba ndi m'magadeni a ku Sandton, Fourways ndi Northcliff, ndiye muona kukula kwa chigamulochi.

Pa pepala zonse zimaoneka zosavuta. Bwana ayenera kunena za ngozi pasanathe masiku 7, pa fomu ya W.Cl.2. Dokotala amalemba lipoti loyamba, kenako malipoti a momwe mukupezera, kenako lomaliza. Pa nthawi yomwe simukugwira ntchito mumayenera kulandira 75 peresenti ya malipiro anu, ndipo miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana, yemwe amakaitanitsanso ku thumbalo. Koma zomwe zimachitika pansi ndi zina. Mnyamata wadula dzanja pa makina, magazi ali chuchuchu, ndipo kapitawo, mwina m'bale wathu yemwe, amamunong'oneza m'galimoto popita kuchipatala: "Achimwene, mukafika mukanene kuti mwavulala kunyumba. Bwana alipira zonse, mukapola ntchito yanu ilipo. Za mafomuzi zingokuitanirani a Home Affairs." Mnyamatayo, ndi mantha ndi ululu, amanena zomwezo pa windo, kalaliki n'kulemba. Mzere umodzi umenewo, wolembedwa pa khadi tsiku loyamba, ndi womwe udzamutsutse patapita chaka, bwana atasiya kuyankha foni.

Apa ndi pomwe loya kapena mlangizi wodziwa ntchito amayamba kuoneka phindu lake. Amadziwa kuti bwana akakana kunena za ngozi, wantchito angathe kukanena yekha ku ofesi ya Labour pa fomu ya W.Cl.3, ndipo kusalembetsa kwa bwana ku thumbalo ndi mlandu wa bwanayo, osati chifukwa chomanira wantchito. Amadziwa kusonkhanitsa umboni woti munalidi wantchito pamene kontrakiti palibe: mauthenga a pa foni okuuzani nthawi yofika, ndalama zomwe zinkalowa mwezi ndi mwezi, zithunzi muli mu yunifolomu, malumbiro a anzanu omwe anaona ngoziyo. Zinthu zimenezi zimasowa msanga. Foni imabedwa, mboni imakwera basi ku Park Station kubwerera ku Mzimba, kampani imasintha dzina.

Koma ntchito yaikulu ili pa nambala imodzi, peresenti ya ulumali. Lamuloli lili ndi ndandanda yake: kutaya chala chachikulu chonse cha dzanja ndi 25 peresenti, diso limodzi ndi 30, dzanja lodukira pomwe limalumikizana ndi mkono ndi 50, mwendo wodukira pansi pa bondo ndi pakati pa 35 ndi 45. Malire ofunika kwambiri ali pa 30. Ulumali ukakhala 30 peresenti kapena kutsika, mumalandira ndalama kamodzi n'kutha. Ukapitirira 30, mumalandira penshoni mwezi uliwonse moyo wanu wonse. Tiyerekeze munthu wolandira R6 000 pamwezi. Pa 30 peresenti, malipiro ake amachulukitsidwa ka 15, ndiye kuti R90 000 kamodzi. Pa 35 peresenti amalandira gawo la 35 pa 100 la R4 500 (75 peresenti ya malipiro ake), lomwe ndi R1 575 pamwezi. M'zaka khumi zokha imeneyo ndi R189 000, ndipo ngati munthuyo ali ndi zaka 30 zakubadwa, werengani nokha. Pali malire a pansi ndi a pamwamba omwe boma limasintha chaka ndi chaka, choncho ziwerengero zenizeni zimasiyanako, koma chithunzi chake ndi chimenecho. Mapointi asanu okha, ndipo amachokera pa zomwe dokotala walemba mu lipoti lomaliza.

Kuvulala kwambiri sikukhala kodula bwino ngati pa ndandanda. Msana wothyoka, mutu womwe unagunda pansi, dzanja lomwe lilipo koma siligwira, zonsezi zimadalira kayezedwe. Dokotala wotopa wa pa chipatala cha boma, ali ndi mzere wa anthu panja, angathe kulemba mawu awiri okha oti bala lapola. Sananame, balalo lapoladi. Koma sanalembe kuti zala sizipindika, kuti munthuyo sangathenso kunyamula thumba la simenti kapena kukwera makwerero. Loya wodziwa nkhanizi amaliwerenga lipotilo ndi diso la amene adzaike peresenti, amaona chomwe chasowa, n'kukutumizani kwa katswiri wa mafupa kapena wa mitsempha kuti ayeze ndi kulemba zonse. Ngati chigamulo chatuluka kale ndipo peresenti ndi yotsika, gawo 91 limalola kuchitsutsa, ndipo kwa zaka zambiri nthawi yochitira zimenezi inali masiku 180. Nkhaniyo imakambidwa pa bwalo lapadera, pomwe mbali ya thumbalo imabwera ndi anthu omwe ntchito yawo ndi imeneyi tsiku ndi tsiku. Kupita nokha kumeneko ndi Chingerezi cha pa saiti n'kololedwa, koma ine sindingamulangize m'bale wanga kutero. Palinso gawo 56, lomwe ambiri salidziwa, lolola kupempha ndalama zowonjezera ngati ngoziyo inachitika chifukwa cha kusasamala kwa bwana kapena woyang'anira ntchito, monga makina omwe anachotsedwa chotchinga. Limeneli limafuna umboni wa kusasamalako, ndipo ndi ntchito ya loya ndithu.

Kwathu timati mlandu suola. Kuno umaola, ndipo tsiku lake limalembedwa m'lamulo. Pa COIDA lamulo la 1993 linapereka miyezi 12 kuchokera tsiku la ngozi. Zosintha zomwe zinasainidwa mu 2023 zikutalikitsa nthawiyi kufika zaka zitatu, koma munthu wochenjera amawerengerabe miyezi 12 yomwe ija. Ngati bwana wakuchotsani ntchito chifukwa chovulala, imeneyo ndi nkhani inanso, ya ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo masiku ake ndi 30 okha. Anthu ambiri amataya ufulu wawo osati poluza mlandu koma podikira: kudikira kuti apole, kudikira lonjezo la bwana, kudikira kuti abwereko kumudzi komwe anapita kukasamalidwa ndi amayi awo.

Ngozi za pamsewu

Ku Road Accident Fund (RAF) nkhani imasintha. Thumbali limadzadzidwa ndi msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndipo lamulo lake la 1996 limati munthu aliyense wovulala pa ngozi ya galimoto chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa wina angathe kupempha. Kuno kulibe ndandanda ya zala ndi maso. Muyenera kusonyeza kuti wina analakwa, komanso kusonyeza mwa masamu kuti ngoziyo yakulandani ndalama zingati pa moyo wanu wonse. RAF imalola munthu kudzipemphera yekha, ndipo kwa zaka zingapo inkalimbikitsa zimenezi m'zipatala. Pa bala laling'ono zingatheke. Koma pa ulumali weniweni, ganizirani zomwe zimafunika.

Chipepeso cha ululu ndi kuvutika chimaperekedwa pokhapokha kuvulalako kukhale kwakukulu. Kuyambira mu Ogasiti 2008, dokotala ayenera kudzaza fomu ya RAF 4 yosonyeza kuti thupi lawonongeka ndi 30 peresenti kapena kupitirira, kapena kufotokoza kuti ngakhale sipanafike pamenepo, munthuyo watsala ndi vuto lalikulu lokhalitsa. Ndalama zochuluka kwambiri zimakhala pa malipiro omwe mukanadzapeza mtsogolo. Kuti zimenezi ziwerengedwe pamafunika katswiri wa mafupa, katswiri woyeza zomwe thupi lingathe kugwira, katswiri wa za msika wa ntchito yemwe anganene komwe mukanafika pa ntchito yanu, ndi katswiri wa masamu woziika zonse pa ndalama za lero. Aliyense wa amenewa amalipiritsa masauzande ambiri, ndipo wolima m'gadeni yemwe wagona pa bedi ku chipatala cha Helen Joseph sangawakwanitse. Loya amawalipira kaye yekha n'kudzabweza mlandu ukatha. Kwa munthu wa maganyu, wopanda payslip, ntchito yosonyeza kuti ankapezadi ndalama ndi yaikulu kuposa yosonyeza kuti mwendo unathyoka. Makalata a mabwana omwe munkawagwirira masiku osiyanasiyana, ndi malisiti a ndalama zomwe munkatumiza kumudzi kudzera pa Mukuru kapena njira zina, zimasanduka umboni.

Masiku a RAF nawonso sakhululuka: zaka zitatu ngati galimoto kapena woyendetsa akudziwika, zaka ziwiri zokha ngati anagunda n'kuthawa. Ndipo kwa ife alendo panabwera chopinga china. Mu 2022 RAF inayamba kufuna umboni woti mlendo anali m'dziko muno mwalamulo pa tsiku la ngozi. Mu Malichi 2024 khoti lalikulu la ku Pretoria, pa mlandu wa Mudawo, linathetsa lamulo limeneli ponena kuti mawu oti "munthu aliyense" sasankha mapepala. RAF sinakhutire ndipo inatsata njira ya apilo. Phunziro lake n'lakuti kalaliki wa pa windo akakubwezani chifukwa cha pasipoti, mawu ake si omaliza, ndipo wodziwa pomwe nkhani za m'makhoti zafika ndi loya amene amagwira milandu imeneyi.

Wina asakunamizeni kuti loya amafulumizitsa zinthu. Milandu ya RAF inadzaza makhoti a ku Gauteng mpaka masiku ozenga mlandu ankaperekedwa a 2031, zomwe zinachititsa kuti mu 2025 akuluakulu a khoti alamule kuti mbali ziwiri ziyambe zakambirana pamaso pa mkhalapakati. Zaka zinayi kapena zisanu si zachilendo. Chomwe loya amachita ndi kuonetsetsa kuti mlandu usafe mukudikira, komanso kukuuzani ngati ndalama zomwe RAF yalonjeza ndi zoyenera. Munthu wanjala akamva R150 000 amasaina pompo, osadziwa kuti akasaina watseka nkhani yomwe mwina inali yoposa pamenepo kangapo. Ngati ngozi ya pamsewuyo inachitika muli pantchito, monga amayendera anyamata a njinga zamoto operekera zakudya olembedwa ntchito, mungathe kupempha konse kuwiri, ngakhale zomwe mwalandira ku Compensation Fund zimachotsedwa pa za RAF.

Sitingadutse osanenapo za madala athu a Wenela ndi Teba, omwe ambiri ali kumudzi akutsokomola. Matenda a m'mapapo a m'migodi ali ndi lamulo lawolawo la 1973, lomwe ndalama zake zinali zochepa momvetsa chisoni. Thembekile Mankayi, yemwe anagwira mu mgodi wa golide, analandira R16 320 yokha. Anasumira AngloGold Ashanti, ndipo mu Malichi 2011 Constitutional Court inagamula kuti ogwira m'migodi otere angathe kusumira makampani. Iye anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chituluke. Mlandu umenewo ndi womwe unatsegula njira ya mlandu waukulu wa gulu, womwe unathera pa mgwirizano wa R5 biliyoni womwe khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, n'kubala Tshiamiso Trust. Umakhudza omwe anagwira m'migodi ina ya golide kuyambira mu 1965 mpaka 2019 n'kudwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) kapena TB, kuphatikizapo ochokera ku Malawi. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yomwe maloya anaigwira zaka zambiri inabala thumba lomwe silifuna loya. Kupempha ku Tshiamiso n'kwaulere, ndipo aliyense wozungulira m'midzi kutolera ndalama "zolembetsera" ndi wakuba.

Alonda ndi ena omwe amadulidwa ndalama za provident fund (thumba losungira ndalama zopumira pantchito) pamwezi ayang'anenso malamulo a thumba lawo. Ambiri mwa matumbawa ali ndi gawo la ulumali, koma nthawi yodziwitsa imakhala yaifupi, ndipo zimachitika kuti bwana ankadula koma osapereka. Madandaulo otere amapita kwa Pension Funds Adjudicator, kwaulere.

Mtengo wa loya, ndi maloya oti muwathawe

Mawu oti "simulipira ngati sitipambana" ndi oona, koma ali ndi lamulo lake, Contingency Fees Act la 1997. Loya angathe kutenga mpaka kawiri malipiro ake a masiku onse, koma asapitirire 25 peresenti ya ndalama zomwe mwapambana, ndipo pa ziwirizi amatenga chomwe chili chochepa. Mvetsetsani pamenepa: 25 peresenti ndi denga, si mtengo wokhazikika. Mlandu womwe watha msanga popanda ntchito yambiri suyenera kudya kotala yonse. Mgwirizano uyenera kulembedwa, mupatsidwe kope lanu, ndipo muli ndi masiku 14 oti mungasinthe maganizo. Mu 2014 Constitutional Court inatsimikiza, pa mlandu wokhudza kampani ya maloya a Bobroff ya mu Johannesburg momwemu, kuti migwirizano yosatsata lamuloli ndi yopanda mphamvu. Eni kampaniyo anathawira ku Australia mu 2016 ndipo anachotsedwa m'kaundula wa maloya. Ngati zinachitikira anthu odziwa Chingerezi ndi malamulo, kuli bwanji ife.

Madobadoba a ngozi amadziwika ndi liwiro. Munthu sanatsitsimuke bwino, wina wafika kale pambali pa bedi ndi fayilo ndi botolo la juwisi. Nthawi zina amalankhula Chichewa chabwino. "Pepani kwambiri achimwene, Mulungu ndi wamkulu. Ingosainani apa ndi apa, zina zonse tisiyireni." Mapepala amenewo nthawi zambiri amakhala opereka mphamvu kwa loya yemwe simunamuonepo, ndipo ena amakhala osadzaza. Musasaine pepala lopanda kanthu, ndipo musapereke pasipoti yeniyeni kwa munthu, kope ndi lokwanira. Loya weniweni ali m'kaundula wa Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya, ndipo ayenera kukhala ndi satifiketi ya Fidelity Fund ya chaka chimenecho, yomwe imateteza ndalama zanu ngati iye atazidya. Kufunsa zimenezi si mwano. Mlandu ukatha, funsani kalata kapena chigamulo chosonyeza ndalama zonse zomwe zinaperekedwa, ndi bilu yolemba chinthu chilichonse chomwe wadula. Dziwaninso kuti RAF ikaluza kapena ikavomera kulipira, kawirikawiri imaperekanso gawo la ndalama zoyendetsera mlandu, ndipo zimenezo ziyenera kuoneka pa biluyo.

Thandizo laulere lilipo, ndipo lambiri lili ku Braamfontein: Legal Aid South Africa, Wits Law Clinic, Lawyers for Human Rights, ProBono.Org ndi SERI. Ku Germiston kuli Casual Workers Advice Office. Mabungwewa ali ndi anthu ambiri ndipo satenga mlandu uliwonse, makamaka ya RAF yomwe maloya a bizinesi amailimbirana. Koma pa nkhani za Compensation Fund, zomwe maloya a bizinesi ambiri sazifuna chifukwa phindu lake ndi lochepa, kumeneko ndi koyambira. Ngakhale atangokupatsani ola limodzi lokuuzani thumba loyenera ndi tsiku lomwe nthawi yanu ikutha, mwapindula.

Chotsala ndi chovuta cha ife tokha. Munthu akalumala kuno, lendi ya kachipinda ku Diepsloot kapena ku Rosettenville siima, ndipo abale amasonkherana kuti apite kumudzi. Palibe cholakwika, koma fayilo imatsala kuno, ndipo imafuna mwini wake: akatswiri adzafuna kumuyeza, khoti lingamufune, penshoni idzafuna akaunti ya ku banki yomwe ikugwira ntchito ndi umboni wa nthawi ndi nthawi woti akadali moyo. Akaunti zambiri za alendo zimatsekedwa pemiti ikatha, ndipo amene anapitirira masiku angaletsedwe kulowanso m'dziko muno kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Loya wabwino amakonza zimenezi ulendo usanachitike: amafulumizitsa kuyezedwa, amalembetsa malumbiro, amagwirizana nanu za momwe ndalama zidzakupezereni ku Malawi. Musanakwere basi, tengani nambala ya kleimu, makope a malipoti onse a dokotala, nambala ya mlandu ya kupolisi ngati inali ngozi ya pamsewu, ndi kope la mgwirizano wanu ndi loya. Musiyireni loyayo manambala awiri a kumudzi, yanu ndi ya m'bale yemwe sasinthasintha simu kadi, ndipo dzina lomwe lili pa fayilo lifanane chilembo ndi chilembo ndi la pa pasipoti. Omwe anagwira ntchito ndi dzina la munthu wina amuuze loya zimenezo tsiku loyamba, chifukwa zimakonzeka mosavuta poyamba kusiyana ndi pamene ndalama zatuluka m'dzina la munthu yemwe si inu.